Mzinga wa paphewa: chida chopepuka chimene akasinja amachiopa

Anthu ambiri amalidziwa boma la Salima chifukwa cha mchenga wa ku Senga Bay, chambo ndi usipa, komanso mpunga wa ku Lifuwu. Koma bomali ndi kwawonso kwa asilikali. Kuno n'kumene kuli sukulu ya Malawi Armed Forces College, imene ambiri amangoti MAFCO ndipo kale inkatchedwa Kamuzu Military College, pomwe ku Senga Bay kuli gulu la Parachute Battalion. Achinyamata ambiri amene lero avala yunifomu ya Malawi Defence Force anayamba aponda fumbi la Salima. Ena mwa iwo akamaliza maphunziro amatumizidwa kukasungitsa mtendere kummawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo, kumene amakumana ndi chida chimene zigawenga za mu Africa zakhala zikuchidalira kwa zaka zoposa 50.

Chidachi ndi mzinga wonyamula paphewa wophulitsira akasinja ndi magalimoto achitsulo. Anthu wamba amautcha bazuka, pomwe asilikali amati RPG. Umalemera makilogalamu pafupifupi 7, kutanthauza kuti mwana wa sukulu atha kuunyamula, koma umatha kuimitsa galimoto yankhondo yolemera matani makumi angapo. Kumvetsa m'mene unapangidwira kumathandiza kuona chifukwa chake nkhondo za masiku ano zimavuta kutha, komanso chifukwa chake chitsulo chadzimbiri chotoledwa m'munda chimafunika kuchiopa.

Vuto limene kasinja anabweretsa

Akasinja anaonekera koyamba pabwalo la nkhondo pa 15 Sepitembala 1916, pamene asilikali a Britain anawagwiritsa ntchito pankhondo ya ku Somme m'dziko la France. Kuyambira tsiku limenelo msilikali woyenda pansi anali pamavuto. Zipolopolo za mfuti yake zinkangonjanja pachitsulo ngati matalala padenga la malata. Njira yodziwika yoboolera chitsulo inali kuponya chipolopolo cholemera paliwiro lalikulu, koma mfuti yotha kuchita zimenezo inkakhala yaikulu, yofuna mawilo, galimoto yoikoka ndi amuna angapo oiyendetsa. Opanga akasinja akawonjezera kuchindikala kwa chitsulo, nayo mfuti inkayenera kukula, mpaka inafika poti munthu sangainyamule.

Yankho linachokera ku nzeru ziwiri zimene zinakumana pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Yoyamba inali ya bomba loboola chitsulo mosadalira liwiro, ndipo yachiwiri inali ya roketi, chipolopolo chodzikankha chokha. M'chaka cha 1942 dziko la America linaphatikiza nzeruzi n'kupanga mpope wa mamilimita 60 woponyera paphewa. Asilikali anaupatsa dzina loti bazooka poufanizira ndi chitoliro chachilendo chimene katswiri wa nthabwala Bob Burns ankaimba. Dzinali linafala mpaka kuno kwathu, n'chifukwa chake mpaka lero mzinga uliwonse wa paphewa anthu amauti bazuka.

Dziko la Germany linayankha ndi zida ziwiri. Panzerschreck inali yotengera bazuka ya ku America koma yokulirapo, pomwe Panzerfaust inali yoombera kamodzi n'kutaya. Ya kamodziyi inapangidwa mamiliyoni, ndipo pankhondo ya mumzinda wa Berlin mu Epulo 1945 inkaperekedwa ngakhale kwa nkhalamba ndi anyamata achichepere. Dziko la Soviet Union, limene akasinja ake anavutika ndi zidazi, linatolapo phunziro. Linapanga RPG-2 imene inayamba ntchito mu 1949, kenako RPG-7 mu 1961. Malemba atatuwa ndi chidule cha mawu a Chirasha otanthauza choponyera mabomba cha m'manja cholimbana ndi akasinja. Mpaka pano RPG-7 ndiyo mzinga wa paphewa wofala kwambiri padziko lonse, ndipo mayiko angapo amapanga yawoyawo motengera iyo, monga Type 69 ya ku China.

Mpope wotseguka mbali zonse

Aliyense amene anadumphapo m'bwato kupita kumtunda amadziwa kuti bwatolo limabwerera mmbuyo. Mfuti imachitanso chimodzimodzi. Chipolopolo chikamatuluka kutsogolo, mfuti imakankha phewa la woombera, ndipo chipolopolo chikakhala cholemera kukankhako kumakulanso. Bomba la RPG-7 limalemera makilogalamu oposa awiri, kotero likanati liponyedwe ndi mfuti wamba likanathyola phewa la munthu.

Akatswiri anathetsa vutoli posiya mpope wotseguka kumbuyo. Wonga ukayaka, bomba limapita kutsogolo pomwe mpweya wamoto umathawira kumbuyo, ndipo mphamvu ziwirizi zimafafanizana. Woombera samva kukankha kwenikweni. Mpopewo ndi wa mamilimita 40 m'mimba mwake, pakati pake pamakutidwa ndi thabwa kapena pulasitiki kuti usawotche phewa, ndipo kumapeto kwake n'kotambasuka ngati kukamwa kwa lipenga. Bomba lake lodziwika, lotchedwa PG-7V, ndi la mamilimita 85, choncho sililowa lonse. Mchira wokha ndiwo umalowa mumpope, mutu n'kutsalira kunja, ndipo maonekedwe amenewa ndiwo amachititsa kuti chidachi chizindikirike msanga pazithunzi.

Ulendo wa bombali uli ndi magawo awiri. Poyamba wonga wochepa umalitulutsa mumpope paliwiro la mamita pafupifupi 115 pa sekondi. Likayenda mamita ngati 10, injini ya roketi imayaka n'kulithamangitsa mpaka pafupifupi mamita 300 pa sekondi. Kuchedwa kuyakaku n'kwadala, chifukwa roketi ikanayakira pakamwa pa mpope ikanapsereza nkhope ya woombera. Likangotuluka, zipsepse za kumchira zimatambasuka kuti liziyenda mowongoka, monga m'mene nthenga zimachitira pamuvi.

Chinsinsi chili m'mutu

Mphamvu yeniyeni ya chidachi ili m'kapangidwe ka mutu wa bomba. M'chaka cha 1888 katswiri wa sayansi wa ku America, Charles Munroe, anaona kuti zophulika zikakhala ndi mphako kumbali yoyang'ana chitsulo, zimasiya dzenje lozama kusiyana ndi zopanda mphako. Pambuyo pake ena anapeza kuti mphakoyo ikayalidwa chitsulo chopyapyala, kuboolako kumawirikiza.

Choncho m'kati mwa mutuwo muli mkuwa woumbidwa ngati fanulo, kukamwa kwake kutayang'ana kutsogolo, ndipo zophulika zili kuseri kwake. Mphuno ya bomba ikagunda chinthu cholimba, kuphulikako kumafinya fanuloyo kuchokera mbali zonse nthawi imodzi, mkuwa n'kusanduka kamtsinje kowonda ngati pensulo kothamanga makilomita angapo pa sekondi. Anthu ambiri amaganiza kuti kamtsinjeka kamasungunula chitsulo ndi moto, koma chimene chimagwira ntchito ndi kupanikiza. Kamakankhira chitsulo pambali monga m'mene madzi a m'paipi amakumbira una mumchenga. Bomba la PG-7V limaboola chitsulo chochindikala mamilimita pafupifupi 260, ndipo mitundu ina yatsopano imapitirira mamilimita 500.

Bowo lotsala kunja limakhala laling'ono, nthawi zina ngati ndalama yachitsulo. Zoopsa zimachitika m'kati, m'mene tizidutswa tamoto timamwazikira pa anthu, pa mafuta ndi pa zipolopolo zosungidwa. Popeza kuboolaku sikudalira liwiro la bomba, mphamvu yake imakhala yofanana kaya laponyedwa pafupi kaya patali. Apa ndi pamene msilikali mmodzi woyenda pansi anapezera mphamvu yolimbana ndi kasinja, monga nyerere imene ikalowa m'chitamba imagwetsa njovu.

Malire a mphamvu zake

Ngakhale zili choncho, mzingawu uli ndi zofooka zake zazikulu. Choyamba ndi moto wotulukira kumbuyo uja, umene umatha kupha kapena kuvulaza munthu woima kuseri kwa woombera, ndipo m'chipinda chotsekeka umabwerera kwa mwini wake. Moto womwewo umadzutsa fumbi ndi utsi, zimene zimaulula pamene woomberayo wabisala.

Chachiwiri ndi mtunda. Mabuku a asilikali amati chidachi chimalasa bwino chinthu choyenda pamtunda wa mamita 300 ndi choima pa mamita 500, koma pankhondo yeniyeni ambiri amaphonya akapitirira theka la mtunda umenewo. Bomba likapanda kugunda kanthu limadziphulitsa lokha pakatha masekondi anayi kapena asanu, litayenda mamita ngati 900. Mzinga wa kasinja umafika kutali kuwirikiza kangapo, kotero woombera RPG amayenera kudikira mpaka mdani atayandikira kwambiri.

Chachitatu ndi mphepo. Msodzi wa ku Senga Bay amadziwa m'mene mwera umatembenuzira bwato lomangidwa pa nangula mpaka mphuno yake kuyang'ana kumene mphepo ikuchokera. Bomba la RPG-7 limachita zofanana. Mphepo ya m'mbali imakankha zipsepse za kumchira, mutu n'kutembenukira kumene mphepoyo ikuchokera, ndipo poti injini imakhala ikuyakabe, bomba limakhotera komweko. Bombali lilibe maso kapena kompyuta yoliwongolera, choncho likatuluka molakwika palibe chingalibweze.

Pamene chinasintha nkhondo

Mbiri ikuonetsa kuti mzinga wa paphewa umaopsa kwambiri pamalo opanikizika monga m'tauni, m'nkhalango ndi m'misewu yodutsa pakati pa mapiri. Mu Okutobala 1973 asilikali oyenda pansi a Egypt, atanyamula ma RPG-7 ndi mizinga ina yowongoleredwa ndi waya, anawononga akasinja ambiri a Israel m'mbali mwa ngalande ya Suez. Pa 3 Okutobala 1993 mumzinda wa Mogadishu ku Somalia, zigawenga zinagwetsa ndege ziwiri za helikopita za mtundu wa Black Hawk ndi ma RPG, ndipo asilikali 18 a America anafa pankhondo imene inatsatira. Patangotha miyezi yochepa America inachotsa asilikali ake m'dzikolo. Pa 31 Disembala 1994 magalimoto achitsulo a Russia analowa mumzinda wa Grozny ku Chechnya popanda asilikali okwanira oyenda pansi, ndipo ambiri anatenthedwa ndi oombera obisala m'nyumba zosanja.

Kuchokera m'zochitika ngati zimenezi, magulu ankhondo anaphunzira kuti mutu umodzi susenza denga. Kasinja amafunika asilikali oyenda pansi oti azimulondera m'mbali, monga momwe iwonso amamufunira. Akatswiri nawo sanagone. Anayamba kutchinga magalimoto ndi mipiringidzo yonga mabagalabazi, imene imaphwanya mphuno ya bomba lisanaphulike bwino. Mu 1982 akasinja a Israel analowa ku Lebanon atamatidwa timabokosi tophulikira kunja tosokoneza kamtsinje ka mkuwa kaja. Opanga mizinga anayankha mu 1988 ndi bomba la mitu iwiri lotchedwa PG-7VR, woyamba wochotsa kabokosi ndi wachiwiri woboola chitsulo. Mu 2011 chipangizo cha Israel chotchedwa Trophy, chimene chimaona bomba likubwera n'kuliphulitsa lisanafike, chinagwira ntchito koyamba pankhondo. Koma zotetezera zoterezi n'zokwera mtengo kwambiri, pomwe mzinga wakale wa 1961 ukadali wotsika mtengo ndi wosavuta kuphunzira.

Kutsidya kwa nyanja

Munthu akaima pagombe la Salima n'kuyang'ana kummawa amaona mapiri a ku Makanjira, ndipo kuseri kwake ndi chigawo cha Niassa ku Mozambique. Kumeneko n'kumene mzinga wa paphewa unayandikira kwambiri dziko la Malawi. Chipani cha Frelimo chinayamba nkhondo yolimbana ndi atsamunda a Portugal pa 25 Sepitembala 1964, ndipo zida zake zambiri zinkachokera ku Soviet Union ndi China. Dzikolo litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, panabuka nkhondo ina pakati pa boma ndi gulu la Renamo, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Mbali zonse ziwiri zinkagwiritsa ntchito RPG-7.

Pankhondoyi chida chopangidwira akasinja chinasandutsidwa chophera sitima zapamtunda, mabasi ndi malole. Njanji yodutsa ku Salima imalumikizana ndi ya ku Nacala kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi, ndipo kale inkalumikizananso ndi ya ku Beira kudzera ku Nsanje. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 njira ziwiri zonsezi zinali zitatsekeka chifukwa cha nkhondo. Katundu wa Malawi anayamba kuzungulira mpaka kudoko la Durban ku South Africa, ndipo mtengo wa mayendedwe unakwera kwambiri, zimene zinakhudza mitengo ya feteleza, mafuta ndi zinthu za m'sitolo. Madalaivala odutsa msewu wa Tete, pakati pa Zobue ndi Nyamapanda, ankayenda mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, podziwa kuti bomba limodzi pagalimoto yotsogola linali lokwanira kuimitsa onse. Kuyambira mu 1987 Malawi inatumiza asilikali ake kukalondera njanji ya Nacala, ndipo ena sanabwerere amoyo. Panthawi yomweyo anthu oposa miliyoni imodzi a ku Mozambique anathawira m'dziko muno.

Asilikali athu ku Congo

Gulu lankhondo la Malawi limadalira kwambiri asilikali oyenda pansi ndi magalimoto achitsulo opepuka. Magalimoto oterewa amateteza ku zipolopolo za mfuti ndi mabomba okwirira, koma chitsulo chawo n'chopyapyala poyerekeza ndi mamilimita 260 amene bomba la RPG limaboola. Ichi n'chifukwa chake chidachi ndi nkhani yaikulu kwa msilikali wa Malawi wopita kukasungitsa mtendere.

Mu 2013 bungwe la United Nations linakhazikitsa gulu la Force Intervention Brigade, lopangidwa ndi asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, ndipo linapatsidwa mphamvu yothira nkhondo zigawenga za kummawa kwa Congo. Kumapeto kwa chaka chomwecho gululi linathandiza kugonjetsa zigawenga za M23. Kenako linalimbana ndi gulu la ADF m'nkhalango za ku Beni, malo amene munthu saona patali ndipo mdani atha kuyandikira msewu mosaoneka. Magulu onse awiriwa amadziwika kuti ali ndi ma RPG pamodzi ndi mfuti zazikulu ndi mizinga ina.

Ntchitoyi yadya miyoyo. Mu Novembala 2018 asilikali 6 a Malawi ndi mmodzi wa Tanzania anaphedwa polimbana ndi ADF pafupi ndi Beni. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu Meyi 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yoperekedwa kwa osungitsa mtendere olimba mtima mwapadera. Mu Januwale 2025 asilikali ena a Malawi amene anali m'gulu la SADC anafa pamene M23 inkalowera mumzinda wa Goma. Imfa zimenezi zinadza m'njira zosiyanasiyana, koma zonse zikuonetsa kuti zigawenga za lero zili ndi zida zotha kulimbana ndi magulu ankhondo a boma.

Nkhondo ikatha, chida chimatsala

Kulimba ndi kuphweka kumene kunatchukitsa RPG-7 ndi kumenenso kumavutitsa nthawi ya mtendere. Mpope wokwiriridwa pansi utakulungidwa bwino utha kugwirabe ntchito patapita zaka zambiri. Nkhondo ya ku Mozambique itatha, zida zochuluka zinatsala m'nkhokwe zobisika. Kuyambira mu 1995 apolisi a South Africa ndi Mozambique anayamba ntchito ya Operation Rachel yofukula ndi kuphwanya nkhokwezi. M'chaka chomwecho bungwe la mipingo yachikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Zina mwa zidazo amisiri anazidula n'kuumba ziboliboli, ndipo mpando wopangidwa ndi mfuti zoterezi uli ku British Museum mumzinda wa London. Mu Ogasiti 2001 atsogoleri a mayiko a SADC anasainira ku Blantyre pangano loletsa kufala kwa mfuti ndi zipolopolo m'chigawo chino. Komabe nkhondo imene inabuka ku Cabo Delgado mu Okutobala 2017 yaonetsa kuti mzinga wa paphewa sunachoke kumpoto kwa Mozambique.

Kuno kwathu malamulo salola munthu wamba kusunga chida chankhondo. Phunziro la Operation Bwezani ya mu Disembala 1993, pamene asilikali analanda zida za a Malawi Young Pioneers, linali lakuti zida zoterezi ziyenera kukhala m'manja mwa gulu limodzi lovomerezeka ndi malamulo.

Chimene chingakhudze mlimi, msodzi kapena mwana woweta mbuzi ndi bomba lotsala. Si bomba lililonse loponyedwa limene limaphulika. Lina limagwera pamchenga kapena m'matope n'kukhala chete, koma chophulitsira chake chimakhala chitatsegulidwa kale, ndipo dzimbiri silichepetsa ukali wake. Kuligogoda, kuliponya pamoto kapena kulitembenuza kumene kutha kulidzutsa. Ngozi imakula m'madera a m'malire ndi oyandikana ndi malo ophunzirira kuombera, makamaka masiku ano pamene malonda a zitsulo zakutha akopa ana ndi akulu omwe.

Bomba la RPG limaoneka ngati mafanulo awiri ophatikizidwa pakamwa, okhala ndi mchira wautali wonga paipi, ndipo nthawi zambiri limakhala lobiriwira kapena lofiirira ndi dzimbiri. Malangizo a akatswiri ochotsa mabomba ndi amodzi kulikonse. Wopeza chinthu chotere asachikhudze kapena kuchisuntha, abwerere njira imene anadzera, achenjeze ena kuti asayandikire, kenako adziwitse a mfumu ndi apolisi, amene amaitana akatswiri kuti adzachiphulitse bwinobwino. Ndalama ya kilogalamu imodzi ya chitsulo chakutha singagule dzanja, diso kapena moyo wa mwana.